Chala cha Agogo Likongwe

Lachinayi m'mawa, Farzana Sattar atangotseka chitseko cha galimoto, anamva Chichewa. Chinkachokera kwa mayi wina wachitsikana amene anaima kunja kwa geti la senta ya asilikali opuma ku Beaumont Leys, mumzinda wa Leicester, foni ili kukhutu, ambulera ili chipindire m'manja pamene mvula ikuwaza.

"Ayi amayi, ndili bwinobwino. Ntchito ikuyenda. Eee, ndikulowa kumene."

Bodza lenileni, abale. Munthu wolowa ntchito saima kunja kwa geti maso ali psuu, akusuzumira pa mawindo ngati wabwera kudzapempha ganyu.

Tsono Farzana uyu muyenera kumudziwa. Ndi mmwenye wobadwira ku Limbe, anachokako ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, nthawi imene mabanja ambiri a amwenye ankasamukira ku Leicester. Lero imvi zayamba, ndipo khonsolo imamutuma kuyendera masenta amene okalamba amaswerako masana, kukaona ngati thandizo la boma likufikira eni ake enieni. Anzake a ku ofesi sadziwa n'komwe kuti amalankhula Chichewa. Komanso ali ndi matenda amodzi osachiritsika: akaona chinthu chosalongosoka, sangachidutse.

"Pepani mayi," anatero foni ija itadulidwa. "Kwagwanji?"

Mayi uja anatembenuka, kuyang'ana kumanzere, kumanja, kufunafuna amene walankhula. Atazindikira kuti ndi mayi wa mpango kumutu ndi baji ya khonsolo pachifuwa, anagwira pakamwa.

"Inu? Mumayankhula?"

"Pang'ono, cha ku Limbe. Dzina ndani?"

"Keturah Kamwendo. Ndimagwira muno. Kaya ndinene kuti ndinkagwira." Mawu anayamba kuthamangitsana. "Andisasipenda Lolemba, mayi. Akuti ndinaba mamendulo a Agogo Likongwe. Ine! Munthu amene ndimawameta ndevu, ndimawadyetsa, akadziipitsira ndine ndimawasintha. Lero folo koloko amanejala atumiza ripoti ku bungwe lija loletsa anthu kugwira ntchito ya okalamba. Ikangopita, palibe adzandilembenso, ndipo viza yanga yathera pomwepo. Ana anga awiri ali ku Chilomoni, amadalira ine."

"Nanga akukunenani inu chifukwa chiyani?"

"Agogo anandiloza."

"Anati chiyani pokulozani?"

"Sindinamve. Wailesi inali pamwamba, ine ndinali kumapeto kwenikweni kwa holo, ndikupukuta tebulo lomalizira la kukhoma. Ndinangoona chala. Kenako amanejala ndi mwana wawo wa agogo, a Gladys, onse akundiyang'ana. Anasecha chikwama, anasecha loka, mpaka m'masokosi. Sanapeze kanthu, koma akuti ndinali nditatulutsa kale."

Farzana anayang'ana wotchi. Inali itangodutsa teni. Nkhani ya kuba sinali ntchito yake ngakhale pang'ono, koma mamendulowo anali ntchito yake, chifukwa ndiwo amene anabwera kudzawaona.

"Pitani mukakhale pa siteji ya basi paja, pali denga. Musachoke."

*

Manejala wa senta, Fiona, anali mzungu woonda, womwetulira ndi mano okha. Anamulandira ndi tiyi ndi mafayilo khumi ndi anayi osanjidwa bwino, fayilo iliyonse msilikali wake. Ankalankhula Chingerezi chofewa, chimene mawu akuti ndondomeko ankabweramo pafupipafupi ngati chikhosomo.

Lamulo lake linali losavuta. Senta imeneyi imalandira thandizo lapadera la asilikali akale, ndiye aliyense wosweramo ayenera kuonetsa umboni woti anagwiradi usilikali. Ambiri ali ndi mapepala awo. Koma Kingstone Likongwe, wa zaka 89, amene anamenya nkhondo ya ku Malaya ndi asilikali a Keyala a nthawi ya atsamunda, mapepala ake anadyedwa ndi chiswe kalekale ku Ntcheu. Umboni wake unali mamendulo awiri, poti m'mphepete mwa mendulo amazokotamo dzina ndi nambala ya mwini wake.

"Powalandira chaka chatha munawaona mamendulowo?" Farzana anafunsa.

"Ndinawaona ali pachifuwa. Zowatembenuza n'kumawerenga m'mphepete ndi ndondomeko yatsopano, yayamba ndi inu."

"Amawasunga kuti?"

"M'kachitini ka fodya, m'thumba la jekete. Sasiyana nako. Lolemba m'mawa ndinalengeza m'holo kuti Lachinayi kubwera woyendera kudzaona mayina pa mapepala ndi pa mamendulo. Filii koloko mwana wawo atabwera kudzawatenga, ndinapempha kuti ndijambule mamendulowo. M'thumba munalibe kanthu."

"Tsiku limenelo anatulukapo panja?"

"Sangatuluke. Zitseko zathu n'za manambala, ndipo iwo mutu unayamba kusokonekera. Tinasecha paliponse pamene amafika: mipando, chimbudzi, minibasi. Ndiye ndinagwada n'kuwafunsa kuti, Bambo Likongwe, mamendulo ali kuti? Anakweza chala, kuloza Keturah, n'kunena kawiri konse kuti *she stole*."

Ndiko kuti waba. Farzana analemba mawuwo, n'kuwayang'ana kanthawi.

"Masiku ano amalankhula Chingerezi?"

Fiona anazengereza. "Mwa apo ndi apo. Kwenikweni anabwerera ku chilankhulo cha kwawo. Koma apa anamveka bwino."

"Tandiyeserereni mmene ananenera. Ndendende."

Manejala anaseka kamseko kamanyazi, n'kupinda milomo ngati munthu wopanda mano. "Shi-stolo. Si-tolo. Chinachake chotero. Mukudziwa, anthu a kumeneko amakonda kuwonjezera o kumapeto kwa mawu. Ndipo ndinafunsa mwana wawo kuti, akunena zimene ndikumvazi? Iye anagwedeza mutu kuvomera. Wasayina apa."

Farzana anatsitsa kapu pang'onopang'ono. Mawu amenewo ankawadziwa asanadziwe kulemba dzina lake lomwe. Anabadwira kuseri kwake, anakulira pansi pa kauntala yake pakati pa matumba a mchere ndi mipukutu ya nsalu.

Agogo aja sananene kuti munthu waba. Anati sitolo.

*

Farzana sanamuuze Fiona. Anali ndi mafunso awiri amene anayamba kumuyabwa, ndipo ankafuna kuwakanda yekha. Loyamba: munthu wosatuluka panja, sitolo waipeza kuti? Lachiwiri ndiye linkamuwawa: mzungu angaphonye mawuwo, chabwino, koma Gladys, mwana wa ku Ntcheu, anawaphonya bwanji?

M'holo munali fungo la sopo ndi kabichi. Azibambo atatu achizungu ankasewera madomino mokangana, wina wa pa njinga ya olumala ankatsutsana ndi wailesi. Agogo Likongwe anakhala okha pafupi ndi windo, jekete yabatani mpaka m'khosi, nsapato zopolishidwa, msana uli chilili ngati akudikira kuitanidwa. Tiyi wawo anali atazizira pa katebulo.

Farzana anakoka kampando kafupi kuti akhale mmunsi mwawo. "Mwadzuka bwanji, agogo?"

Maso otuwa aja anatembenuka, kumuyeza kuyambira kumpango mpaka kunsapato, n'kuima pa baji.

"Ndinu a polisi?"

"Ayi agogo."

"A kwa DC?"

"Ayinso. Ndine mwana wa Sattar wa ku Limbe."

"Hm. Koma mwabwera kudzaona dzina." Anatseka pakamwa mwamphamvu. Uku sikunali kusokonekera mutu. Anali mantha, ndipo Farzana anawamvera chisoni.

"Sindikulandani kanthu. Ndikungofunsa ngati katundu wanu ali pabwino."

"Ali pabwino zedi."

"Kusitolo?"

Nkhope ija inamasuka, mpaka nkhama zinaonekera. "Eya! Mwana wa mmwenye ndiye angafunse zimenezo? Kumeneko mbava sifikako."

"Sitolo yake iti, agogo?"

Koma apa anali atapita kale. Anayamba kufotokoza za mvula ya ku Malaya, yoti imagwa yotentha, ndi misundu yolowa m'majombo, ndi sajeni wina wa ku Zomba amene ankaopa achule. Farzana anamvetsera mpaka nkhani inadzithera yokha, kenako anaimirira.

Anayesa kuganiza ngati wapolisi. Anakaima pamene Fiona anagwada, n'kuyang'ana kumene chala chikanaloza. Anayenda molunjika, kudutsa a madomino, mpaka pa tebulo lomalizira la kukhoma pamene Keturah ankapukuta. Panalibe chilichonse chooneka. Tebulo, mipando inayi, chithunzi cha sitima yankhondo. Kumbuyo kwake kunali chitsulo chotuwa chamizeremizere, chofanana mtundu ndi khoma, chimene munthu ukanachidutsa kakhumi osachiona.

Ali chiimire choncho, thwelofu inakwana. Chitsulo chija chinalira kuti gwedegwede, n'kuyamba kukwera.

Farzana anachita kudumpha, osati ndi mantha, koma chifukwa phokoso limenelo linali la m'mawa uliwonse wa ubwana wake. Kuseri kwa chitsulocho kunali kauntala yathabwa. Kuseri kwa kauntala, mashelefu a zitini, shuga, tiyi, mabotolo a mafuta. Ndipo pakati pa zonsezo panaima mayi wachikulire wachimwenye, wamfupi, wa mpango woyera, chikombe chili m'manja.

Kuchokera ku windo kuja kunamveka mawu a agogo, okondwa ngati mwana: "Atsegula!"

*

Wophika uja dzina lake anali Hawabai. Anamaliza kaye kugawa chakudya, poti munthu wa njala safunsidwa mafunso ndipo iyenso safunsidwa akugawa. Kenako anamulowetsa Farzana kukhitchini n'kumuyang'anitsitsa.

"Sattar uti? Wa nsalu, pafupi ndi msika? Ndiye ndiwe mwana wa Afsana! Mphuno ndi yomweyo." Anayamba m'chilankhulo cha makolo awo, koma Farzana atangotchula Agogo Likongwe, mayiyo anasuzumira kukhomo n'kutembenukira ku Chichewa. Chinali Chichewa cha pa kauntala, chachifupichifupi, cholamula. "Za madala aja tiyankhule chonchi. Makoma a muno amamva Chingerezi."

"Anakusungitsani kanthu, anti?"

"Ukufunsa ngati mwana wa Afsana kapena ngati boma?"

"Zonse ziwiri."

"Ndiye zonse ziwiri sindiyankha." Anayamba kupukuta poto amene anali wouma kale. "Ife tinali ndi sitolo ku Balaka zaka makumi awiri. Munthu akupita ku Joni, amasiya sutikesi kwa ife. Wina njinga. Wina kalata ya ukwati. Zaka zitatu, zisanu, abwera, apeza chilichonse chili momwe anasiyira. Lamulo ndi limodzi: wosungitsa ndi amene amatenga. Mkazi wake ayi, mwana wake ayi, boma ayi. Bambo ako sanakuphunzitse?"

Anamuphunzitsa. Farzana anakumbukira kachipinda ka kuseri kodzaza masutikesi a eni ake, kamene ana ankaletsedwa kulowamo.

"Madala aja chibwerere amati pano ndi pa sitolo," Hawabai anapitiriza. "Amabwera, odi kusitolo, ndimati lowani bambo. Amafunsa mtengo wa shuga, ndimawauza wa kale, amadandaula kuti wakwera. Tikatero tsiku latha bwino. Ndani akuvutika?"

"Keturah."

Dzanja lija linaima. "Keturah ali pa holide."

"Anakuuzani ndani?"

"Amanejala. Lachiwiri m'mawa."

"Anti, inu mumaweruka thuu koloko, chitsulo n'kutsika. Lolemba filii koloko agogo anafunsidwa za mamendulo, analoza kuno n'kunena kuti sitolo. Keturah anali ataima kutsogolo kwa chitsulocho. Mzungu anamva zake. Mwanayo amuchotsa ntchito ngati wakuba, ndipo ali pa siteji ya basi panjapo chiyambire m'mawa."

Hawabai anakhala pansi pa thumba la mpunga. Kenako anamenya ntchafu yake ndi chikhatho, mbama yomveka.

"Mayi uja! Mayi uja wandipusitsa ine!"

"Ndani?"

"Nesi. Mwana wawo. Lachiwiri anabwera pa khomo la kuseri ili. Akuti, anti, zimene bambo anakusungitsani musunge mpaka woyendera adutse, musauze munthu. Ine ndinati, ukundiphunzitsa ntchito yanga? Za Keturah sananene. Ngakhale liwu limodzi!"

Anaimirira, kukwera pa kasitulu, n'kutsitsa chitini chachikulu cha ufa wa chapati. Koma Farzana atatambasula dzanja, mayiyo anachikumbatira pachifuwa.

"Iwe ayi. Ndanena kale. Kaitane mwini wake."

*

Agogo anabwera ndi chowayendetsa chawo chamatayala, pang'onopang'ono, n'kuima pa kauntala.

"Odi kusitolo."

"Lowani bambo. Mwabwera kudzatenga katundu?"

"Ayi. Asungeni. Kunja kuno kuli anthu ofuna mayina."

Hawabai anayang'ana Farzana ngati akunena kuti, waona? Farzana anasendera pafupi. Sankadziwa ngati zimene ati anene zifika, koma njira ina panalibe.

"Agogo, mukumudziwa Keturah?"

"Mwana amene amandimeta. Sanabwere. Ndevu izi, taonani."

"Sanabwere chifukwa amugwira. Akuti ndi iyeyo anaba mamendulo anu."

Zimene zinachitika pa nkhope ija Farzana sadzaziiwala. Zinali ngati munthu watsegula makatani m'chipinda. Maso anawala, msana unawongoka, ndipo mawu amene anatuluka anali a munthu wina, wamphamvu zake.

"Mwana ameneyo sanabe kanthu. Ndani wanena zopusazo? Mayi, bweretsani katundu wanga."

Hawabai anapisa dzanja mu ufa, kutulutsa kapulasitiki, m'kapulasitiki kachitini ka fodya. Anakapukuta ndi epuloni n'kukapereka ndi manja awiri. Agogo anakatsegula, kuyang'ana mamendulo awo, kenako kukankhira kwa Farzana.

"Werengani. Mukandimanga, mundimange ine."

Farzana anatembenuza mendulo yoyamba, kuipendeketsa ku nyali. Zilembo zinali zitafufutika koma zinkawerengeka. Nambala, kenako dzina. Anatenga yachiwiri. Chimodzimodzi. Pa fayilo ndi pa pasipoti panali Kingstone Likongwe. Pa mamendulo panali Henry Likongwe.

"Henry ndi ndani, agogo?"

"Mkulu wanga. Analembetsa usilikali ndi iyeyo. Tsiku loti lole yotenga asilikali ibwere, mkazi wake anali pa mphasa, mwana woyamba akuvuta kubadwa. Mayi athu akulira, Henry akulira. Ine ndinali ndi zaka sikisitini, koma wamtali. Ndinakwera lole. Ku Zomba atayitana kuti Henry Likongwe, ndinati ndilipo. Zaka zitatu ndinali Henry. Chipolopolo ichi chinalowa mwa Henry," anagwira phewa, "koma chimawawa mwa Kingstone. Sajeni anati akadzadziwa azungu, ndi ndende. Ndakhala ndikudikira."

Zaka makumi asanu ndi awiri akudikira, abale. Farzana anafuna kuwauza kuti palibe adzawamange, koma makatani aja anali atayamba kutsekeka. Agogo anatembenukira kwa Hawabai n'kufunsa ngati machesi afika.

*

Gladys Likongwe anafika filii koloko, yunifolomu ya unesi ili mkati mwa chikhoti, nkhope ya munthu amene sanagone mokwanira chaka chonse. Atalowa mu ofesi ya manejala n'kuona kachitini pa tebulo, anakhala pampando osauzidwa.

Farzana anamufunsa m'Chichewa, dala, Fiona ali pomwepo. "Amayi, sitolo ndi chiyani pa Chingerezi?"

Gladys anatseka maso.

"Munamva bwinobwino zimene bambo anu ananena."

"Ndinamva." Mawu ake anali otsika. "Poyamba ndinangodabwa. Kenako a Fiona atandifunsa, ndinaona kuti... mamendulo akasowa, palibe awerenge dzina. Ndinangogwedeza mutu. Sekondi imodzi, mayi. Ndinkati inisipekishoni ikadutsa, tidzati apezeka, mwanayo abwerera."

"Munasayina pepala."

"Inu simukudziwa!" Apa ndiye anaphulika. "Musanandiweruze, mukudziwa kuti asanapeze malo muno ndinkawatsekera m'nyumba ndikamapita ku shifiti? Tsiku lina anasiya gasi ali chiyakire. Tsiku lina apolisi anawapeza pa msewu wa ku Loughborough, atavala mapijama, akuti akupita ku Ntcheu. Muno amadya, amaseka, ali ndi anzawo. Anamenyadi nkhondo bambo anga, bala lilipo! Ndiwataye chifukwa cha dzina?"

"Ndiye munasankha kutaya mwana wa eni ake."

Gladys analira mwakachetechete, manja ali pa maondo, ndipo Farzana anakwiya kwambiri chifukwa ankamumvetsa.

Fiona atafotokozeredwa zonse m'Chingerezi, anafiira mpaka m'makutu. Koma mutu wake unali wachangu. Anadzuka, kukatseka chitseko, n'kubwerera ndi kumwetulira kuja.

"Tiyeni tiganize modekha, Mayi Sattar. Mukalemba kuti mamendulo apezeka, mulembanso dzina limene lilipo. Thandizo la Bambo Likongwe liima lero lomwe, mpaka nkhani yawo itatsimikizidwa ku nkhokwe za mapepala a asilikali. Miyezi isanu ndi umodzi, mwina chaka, mwina osatheka n'komwe. Ndipo pali china chimene simukudziwa. Keturah tinamulemba kuti azisamalira iwowa m'chilankhulo chawo. Malipiro ake amachokera pa thandizo lomwelo. Iwo akachoka, malo ake atha."

"Mukufuna kunena chiyani?"

"Kachitini kabwerere kumene kanali. Inu mulembe kuti umboni unasowa, ndondomeko imawapatsa nthawi yofunafuna wina, ndipo akudikira amakhala ali muno. Ine ripoti sinditumiza. Ndilemba kuti nkhani ya kuba sinatsimikizike, Keturah abwerere ndi kalata ya chenjezo basi. Aliyense apindula."

"Kupatula kuti fayilo yake izidzati anaganiziridwa kuba, ndipo katunduyo sanapezeke."

"Ndi mzere umodzi chabe."

Farzana anayang'ana kachitini kaja. Kunena zoona, mtima wake unagwedezeka. Zaka makumi awiri pa ntchito sanalembepo bodza, koma sanakumanenso ndi bodza looneka lachifundo chonchi. Anayang'ana wotchi: kwatsala mphindi makumi awiri kuti folo ikwane.

"Musatumize kanthu, musakhudze kanthu," anatero. Anatenga kachitini n'kutuluka.

*

Keturah anali pomwe anamusiya, pa benchi ya siteji, atazizidwa mpaka milomo kutuwa. Mabasi asanu ndi anayi kapena khumi anali atamudutsa. Farzana anakhala pambali pake n'kutsegula kachitini.

Mayiyo anakuwa, anthu a pa siteji mpaka kutembenuka. Anagwira mamendulo, kuwasiya, kugwira dzanja la Farzana, kuseka ndi kulira nthawi imodzi. Atamva za sitolo anaseka kwambiri, mpaka kutsamira galasi.

"Sitolo! Mayo ine, agogo! Ndipo ndimawamva tsiku ndi tsiku akuti odi kusitolo. Chikhala ndinamva mawuwo, bwenzi zitatha Lolemba lomwelo!"

"Zikanatha. Koma wina anawamva, Keturah."

Anamuuza zonse, osachotsapo: za Gladys, za Henry, za thandizo limene liime, za malo ake amene atha nalo, ndi za nzeru ya Fiona. Kuseka kuja kunazima pang'onopang'ono.

"Ndiye mukalemba zoona, ntchito yanga yatha."

"Yatha. Mudzakhala ndi masiku sikisite opezera siponsa wina wokulembani ntchito kuti viza isathe. Koma fayilo yanu idzakhala yoyera, ndipo kalata yokuchitirani umboni ndidzaonetsetsa kuti ilembedwe."

"Mukalemba zinazo?"

"Lolemba muli pa ntchito. Koma kulikonse kumene mudzapite m'dziko muno, akadzafunsa, adzamva kuti munaganiziridwapo kubera nkhalamba." Farzana anapuma. "Sindikunamizani, ine ndikudziwa chimene ndiyenera kulemba. Koma sindinafune kuti muchimve kwa munthu wina."

Basi ina inaima, kutsegula zitseko, kudikira, n'kupita.

"Nanga agogo?"

"Akhala kunyumba mpaka mapepala abwere. Ndilemba zonse zimene anandiuza, za lole, za bala, za sajeni. Ndiwamenyera nkhondo. Koma sindingalonjeze."

"Adzawatsekeranso m'nyumba." Keturah anapukuta m'maso ndi mkono wa juzi. "Iwo aja akangokhala okha amasiya kudya. Mukudziwa kuti anandiitanapo dzina la mayi awo?"

Farzana anamusendezera kachitini kaja.

Keturah anayang'ana geti la senta. Kenako anatenga mendulo imodzi, kuitembenuza, kuwerenga dzina la m'mphepete milomo ikuyenda. Anaibwezera m'kachitini bwinobwino n'kutseka.

"Agogo akanatha kukhala chete," anatero. "Mwati ankaopa ndende, koma anakupatsanibe?"

"Anandipatsa okha."

"Ndiye musawabisirenso mu ufa. Lembani."

Farzana anatulutsa fomu ndi cholembera, kutsamiritsa pa bondo. Atafika pa mzere wa dzina la wogwira ntchito amene wapezeka wosalakwa, Keturah anasendera pafupi n'kuika chala pa pepala.

"Kumapeto kuli h, mayi. Ambiri amaisiya. Mulembe lonse, ndi langa."